Makalabu akulimbirana holo, nanga khonsolo ya ophunzira ithandiza chiyani?

Funso: Madamu, ndili Fomu 3 pa sekondale yogonera konko, ya anyamata ndi atsikana. Teremu ino andisankha kukhala hedigelo. Pasukulu pathu pali makalabu asanu ndi anayi, koma sabata siitha osakangana. A SCOM, gulu la ophunzira achikhristu, ndi a zisudzo akulimbirana holo, a Wildlife, kalabu yosamalira chilengedwe, akuti sapatsidwa kanthu pomwe a mpira amawabwerekera lole, ndipo onsewo akuthamangira kwa ine. Ahedi akuti tikhazikitse khonsolo ya ophunzira. Kodi khonsoloyo isiyana pati ndi mapulifekiti amene alipo kale? Nanga nditani kuti makalabuwa agwirizane?

Yankho: Mwana wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndimaseka ndekha. Sikuti ndimaseka iwe ayi. Kungoti holo imeneyo ndikuidziwa, ngakhale pasukulu panupo sindinapondepo. Ndaphunzitsa ku sekondale zaka zambiri, ndinakhalapo patironi wa zisudzo, kenako wachiwiri kwa ahedi, ndipo kulikonse kumene ndinapita ndinapeza nkhondo yomweyi: holo imodzi, kiyi mmodzi, masana amodzi a makalabu pa sabata, koma gulu lililonse likuti ofunika ndife.

Tiyambe ndi za khonsolo, chifukwa ukasokoneza pamenepo zotsalazo sizingalongosoke.

Pulifekiti ndi diso la ahedi pakati pa ophunzira. Amaimba belu, amalemba ochedwa, amaongola mzere wa ku chakudya, amaonetsetsa kuti nthawi ya pulepu kuli zii. Ngakhale pasukulu pomwe ophunzira amaponya voti, mayina amayamba adutsa m'manja mwa aphunzitsi, ndipo mphamvu ya pulifekiti imachita kutsika kuchokera ku ofesi. Khonsolo ndi pakamwa pa ophunzira pamaso pa ahedi. Mphamvu yake imachokera kwa amene anaisankha, ndipo ntchito yake ndi kunyamula zimene anzako akung'ung'udza ku hositelo n'kukazitula pa tebulo zisanapse. Ntchito ziwirizi zonse n'zofunika, koma n'zovuta kuti munthu mmodzi azisenze pamodzi. Mtsikana amene wamulemba dzina m'mawa chifukwa chochedwa ku asembule sangabwere madzulo kudzakunong'oneza kuti nyemba zafumbwa, kapena kuti pali mphunzitsi amene akumusowetsa mtendere. Akaona baji yakoyo amaona chibalo.

Anzathu a ku South Africa nkhani imeneyi anachita kuiika m'malamulo, ndipo anafikapo movutikira. Pambuyo pa zipolowe za ana a sukulu ku Soweto pa 16 Juni 1976, bungwe la ophunzira la COSAS, lomwe linayamba mu 1979, linkamenyera kuti m'masukulu mukhale makhonsolo osankhidwa ndi ophunzira eni ake m'malo mwa mapulifekiti osankhidwa ndi aphunzitsi. Lamulo lawo la masukulu la 1996 linalamula kuti sukulu iliyonse ya boma yokhala ndi ophunzira a giredi 8 kupita m'tsogolo ikhale ndi khonsolo yotere, ndiponso kuti ophunzira akhale ndi mipando m'komiti yoyendetsa sukulu, pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi. Kwathu kuno masukulu ambiri akudalirabe mapulifekiti, ndipo khonsolo imakhala yamphamvu kapena yachabechabe malinga ndi mtima wa ahedi. Komabe poyambira ulipo. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, ndipo ndime 12 ya panganolo imati mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zomukhudza, ndipo akuluakulu awaganizire maganizowo molingana ndi msinkhu wake. Usakawawerengere ahedi ndimeyi ngati loya. Ingoidziwa, kuti pokapempha usamaoneke ngati ukupempha chifundo.

Ndikuuzenso chinsinsi cha ku ofesi. Ahedi akamati khonsolo, nthawi zambiri chili m'mutu mwawo ndi magalasi a mawindo. Sitiraka za ku sekondale sizigwa ngati mvula ya chizimalupsa. Zimayamba ndi kadandaulo kakang'ono, ka ndiwo, ka disiko yolepheretsedwa, ka mnzawo wochotsedwa sukulu, kosowa kolowera kwa milungu ingapo, mpaka usiku wina miyala iyamba kuuluka, sukulu n'kutsekedwa, makolo n'kumalipira zowonongeka. Ndiye ahedi anu akufuna khomo loti madandaulo azilowera masana. Zimenezo n'zabwino kwa inunso. Chongofunika kusamala ndi chakuti khonsolo isasanduke mapulifekiti omwewo atangosintha dzina. Kalasi iliyonse isankhe woiimira, kalabu iliyonse itumize wapampando wake, iwe ndi hediboyi mukhalemo, koma ine ndikanakonda wapampando wa khonsolo akhale wina wopanda baji. Mwina zikuwawa kumva. Koma zikupepukira ndiwe, chifukwa mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pakali pano nkhonya zonse zikutera pa iwe wekha.

Tsono za makalabu. Cholakwika chimene ndachiona kawirikawiri ndi khonsolo yatsopano kuyamba kudziona ngati boma la makalabu. Sizitheka, ndipo usayese n'komwe. Makalabu ambiri ali ndi makolo awo kunja kwa mpanda wa sukulu. SCOM ndi bungwe la dziko lonse lokhala ndi malamulo ake. YCS, gulu lina la ophunzira achikhristu, ili pansi pa mpingo wa Katolika. Ophunzira achisilamu ali ndi bungwe lawo. Makalabu a Wildlife amayendera limodzi ndi bungwe losamalira nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM, lomwe mbiri yake inayamba kale mu 1947, agogo ako mwina asanabadwe. A Red Cross nawo chimodzimodzi. Khonsolo ilibe mawu pa kapembedzedwe ka SCOM kapena pa sewero limene a zisudzo asankha. Gawo lake ndi zinthu zimene makalabu onse amagwiritsa ntchito mogawana: nthawi, malo, zipangizo ndi ndalama. Ukayang'anitsitsa mikangano yomwe wanditchulirayo, upeza kuti yonse yagona pamenepo. Ana amenewa sadana. Akungosowa pogawira.

Ndikusimbire zimene zinandichitikira ine, manyazi ndawasiya kale. Loweruka lina masana ana anga a zisudzo ankakonzekera mpikisano wa ATEM, uja wa masewero a m'Chingerezi, ndipo ndinawauza Lachitatu lake kuti holo ndi yawo. Ndinangonena pakamwa, tili chiimire pakhonde. Osadziwa kuti patironi wa SCOM naye anali atalonjeza holo yomweyo kwa ana ake, ndipo anali ataitana mlaliki wochokera kutauni. Itakwana 2 koloko magulu onse anakumana pakhomo, awa atanyamula ng'oma ndi zisanza zovala m'sewero, awa mabaibulo ndi mabuku a nyimbo. Mlendo uja anaima potero ndi kachikwama kake, jekete lili pamkono, thukuta kamukamu, akuyang'ana uku ndi uku. Pulifekiti wosunga kiyi ataona zimenezo anakadzitsekera ku hositelo, akuti mutu wamugwira. Mawu amene anatuluka pakhomo paja sindingawalembe pano. Ena anatchedwa akunja, ena anatchedwa afarisi, ndipo panali ana ogona chipinda chimodzi amene sanayankhulane mpaka teremu inatha. Olakwa sanali ana. Tinali ife aphunzitsi awiri, aliyense ndi lonjezo lake la pakamwa.

Lolemba lake tinagula pepala lalikulu lolimba, tinajambula mizere ya masabata onse a teremu, n'kulikhoma pa bolodi la zidziwitso. Lamulo linali limodzi: chosalembedwa pa kalendala kulibe, ngakhale atalonjeza ndi ahedi. Kiyi tinamuchotsa m'thumba la mwana n'kumupachika pa msomali mu ofesi ya adeputi, pambali pake kakope kosainira. Zikuoneka zazing'ono, koma ndi ntchito yoyamba yeniyeni ya khonsolo yanu, ndipo ikaigwira bwino makalabu adzayamba kuikhulupirira pa zina.

Kadzazidwe ka kalendalayo kali ndi nzeru yake. Sabata yoyamba ya teremu, apampando onse ndi apatironi awo akhale pansi ola limodzi. Muyambe ndi masiku osasunthika: mayeso, tsiku lodzaona ana, masewero a mpira a m'zoni, mipikisano ya kunja. Kenako za mapemphero, ndipo apa khala maso, chifukwa ndi pomwe ochepa amaponderezedwa popanda wofuna kuwapondereza. Asilamu ali ndi swala ya Lachisanu masana. A Seventh Day Sabata lawo limayamba Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, ndiye mukamaika chilichonse chosangalatsa Loweruka masana, pali ana amene adzatha zaka zinayi osachionako. Mwezi wa Ramadan umasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho kalendala ya chaka chatha singakuthandizeni. Funsani eni ake. Zikatha zimenezo, masiku otsala agawidwe mosinthana. Mudzadabwa kuona kuti ofunadi holo ndi ochepa. A dibeti akwana m'kalasi. A Wildlife ntchito yawo ndi ya panja. Kwaya imamveka bwino ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Ambiri amafuna holo chifukwa cha ulemu wake basi. Muonjezere kalamulo kena: amene walembetsa holo koma osaigwiritsa ntchito, osanenanso kutatsala masiku awiri, ulendo wotsatira umudumphe.

Ndalama ndiye nkhani yoterera. Usawalonjeze a Wildlife kuti adzalandira zofanana ndi a mpira, ungawanamize. Timu ya mpira wa miyendo ndi ya ntchemberembaye zikamapita kukasewera kutali pamafunika galimoto ndi chakudya cha anthu ambiri, ndipo palibe kalabu ina imene ingadye ndalama ngati zimenezo. Chimene chimawawa ana si kuchepa kwa gawo lawo kokha ayi, koma kusadziwa kuti mumphika munali zingati ndipo anaomola ndani. Khonsolo ipemphe mwaulemu kuti kumayambiriro kwa teremu ahedi anene ndalama zimene zaikidwira masewero ndi makalabu, ndipo kalabu iliyonse ilembe zofuna zake pa pepala limodzi, ndi mitengo yake. Nthawi zina upeza kuti chimene a Wildlife akulirira ndi makeni awiri othirira ndi mtolo wa machubu ofesera mbande, zinthu zosafika ngakhale pa mafuta a ulendo umodzi wa lole.

Ndalama zimene makalabu amapeza okha, za zopereka za mamembala kapena za pakhomo pa chionetsero, zisagone m'sutikesi ya msungichuma. Ndaona ana abwinobwino akuchoka pasukulu ndi dzina la wakuba chifukwa anabwereka ya sopo m'thumba la kalabu n'kulephera kubweza. Zikasungidwe ku ofesi ya za chuma, kalabu ikhale ndi kope lachikuto cholimba, ndipo potulutsa asaine awiri, msungichuma ndi patironi. Mukakonza chionetsero cha makalabu onse, kagawidwe ka ndalama za pakhomo mugwirizane ndi kulemba chisanachitike. Mukadikira kuti ndalama zikhale pa tebulo, a zisudzo adzati anthu anabwerera ife, a zosangalatsa adzati zokuzira mawu n'zathu, a kwaya adzati tinatsegulira ndife. Njira imene inkatiyendera ife inali yoyamba tachotsa zimene tawononga, monga mafuta a jenereta, kenako gawo lina n'kuika m'thumba la onse logulira zinthu zogwiritsa ntchito aliyense, zotsalazo n'kugawana mofanana makalabu amene anagwira ntchito. Inu mukhoza kupeza ina. Chachikulu ikhale yolembedwa dzulo lake.

Pali vuto lina limene sunalitchule koma ndikudziwa lilipo. Tenga mayina a makomiti a makalabu asanu ndi anayiwo uwaike pamodzi. Upeza kuti ndi anthu omwewomwewo, mwina khumi ndi asanu, akungosinthana mipando. Wapampando wa dibeti ndiye mlembi wa SCOM, ndiyenso mfumu m'sewero. Tsiku la makalabu likafika mwanayo amathamanga uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo kulikonse kumene wachoka msonkhano umafa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Khonsolo igwirizane kuti munthu alowe makalabu amene akufuna, koma upampando ukhale wa kalabu imodzi yokha, ndipo maudindo asapitirire awiri. Mipando ikatsala, mudzakakamizika kuyang'ana kwa a Fomu 1 ndi Fomu 2, amene pano ntchito yawo ndi kunyamula mabenchi. Ndipo poti ndiwe hedigelo, taonanso kuti atsikana ali pati m'makomitimo. Pa sukulu zosakaniza chizolowezi chake n'chakuti mnyamata wapampando, mtsikana mlembi chifukwa amalemba bwino, mtsikana wina msungichuma chifukwa sangabe. Ine zimenezo zinkandinyansa kuyambira kale.

Zonse ndanenazi zimaletsa ndewu, koma sizibala chikondi. Mgwirizano weniweni sindinauonepo ukubadwira pa msonkhano wokambirana za mgwirizano. Mukaitana makalabu kuti tiyeni tikhale amodzi, aliyense adzanena mwambi wa mutu umodzi ndi denga, mudzaomba m'manja, Loweruka n'kukumananso pakhomo la holo. Umabadwa pamene kalabu ina yapeza kuti ntchito yake singathe popanda inzake.

Chitsanzo chili pafupi ndi a Wildlife akudandaulawo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, koma ntchito yeniyeni imayamba kale, teremu yoyamba itangotsegulidwa mu Seputembala: kusakaniza dothi, mchenga ndi manyowa, kuthira m'machubu, kukanda njere za msangu kuti zimere msanga, kumanga kamthunzi ka udzu. Kenako kubwera dzuwa la Okutobala, ndipo nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ana anayi kapena asanu okhulupirika amatunga mpaka mapewa kuwawa, tsiku lina atopa, mbande n'kupserera. Zopulumuka zimakumana ndi tchuthi cha Khirisimasi, sukulu ili pululu, mbuzi za m'mudzi zikulowa pa mpanda. Chaka chilichonse ndi momwemo, ndipo kalabu imaoneka yolephera pomwe vuto ndi kuchepa kwa manja.

Chaka china tinayesa kugawa nazale m'mizere, kalabu iliyonse mzere wake, dzina lake litalembedwa pa kachitsulo kodula ku chitini. A Wildlife anakhala alangizi, oyendera ndi kuphunzitsa. Zimene zinachitika sindinaziyembekezere. Anyamata a mpira, amene poyamba ankati ife za maluwa ayi, atamva pa asembule kuti mzere wa YCS wamera kuposa wawo, anayamba kudutsira ku mjigo pochokera ku bwalo, aliyense ndi ndowa, ali ndi majezi awo. A sayansi ankayeza msinkhu wa mbande ndi rula Lachisanu lililonse n'kukhoma zotsatira pa bolodi. A zisudzo anapeka kasewero ka wootcha makala ndi mkazi wake wotunga madzi kutali, ndipo tsiku lodzala anakachita pamaso pa amfumu ndi makolo. Za tchuthi tinapangana ndi alonda komanso ana a aphunzitsi okhala pasukulu pomwepo. Mitengo ina inafa, sindikunamiza, chiswe sichimva za makalabu. Koma kuchokera pamenepo wapampando wa Wildlife akaimirira pa msonkhano kupempha makeni, ankamuvomereza ndi a mpira.

Mukhoza kuchita chimodzimodzi ndi 1 Disembala, tsiku lokumbukira za Edzi pa dziko lonse. A Edzi Toto uthenga ali nawo koma akaima kutsogolo anthu amayasamula. A zisudzo amadziwa kugwira anthu mtima koma mfundo za zaumoyo amazipotoza. Aphatikizeni, muitane mlangizi wa zaumoyo wa pachipatala chapafupi adzamve sewerolo lisanaonetsedwe. Koma chimodzi pa teremu n'chokwanira. Ndipo pothokoza pa asembule utchule kalabu iliyonse ndi dzina, ngakhale imene inangosesa. Dzina la khonsolo libwere kumapeto, kapena lisabwere n'komwe.

Pa magulu a zipembedzo, usawakakamize mapemphero a pamodzi. Ena amayesa zimenezo pofuna kuonetsa umodzi, mapeto ake mkangano wa amene atsegule ndi amene atseke. Aitanire ku ntchito ya manja, monga kukakolopa ku chipatala kapena kukafolera nyumba ya gogo wina pafupi ndi sukulu. Pa tsache ndi pa udzu sipabuka za chiphunzitso.

Mikangano ina imene ikufika kwa iwe ndi ya aphunzitsi, yangovala yunifolomu. Apatironi awiri akakhala kuti samwerana madzi, ana awo amatengera. Ukaona kuti nkhani yafika pamenepo, usalowepo, ndipo usanyamule mawu a mphunzitsi uyu kupita nawo kwa uyo. Kauze adeputi kuti kalendala yasemphana pakutipakuti, iwo akakambirane okhaokha ku ofesi kwawo.

China chimene chimapha makalabu mwakachetechete ndi kusiyirana maudindo. Teremu yachitatu a Fomu 4 mitu ili ku MSCE, a Fomu 2 ku JCE, ndipo mayeso akatha a Fomu 4 amanyamuka ndi zonse zimene ankadziwa, nthawi zina ndi ng'oma yomwe. Seputembala akafika kalabu imayambiranso pa chabe. Khonsolo iike lamulo lakuti makalabu onse asankhe makomiti atsopano teremu yachiwiri isanathe, kuti akale ndi atsopano ayendere limodzi milungu ingapo, ndipo posiyirana pakhale pepala la katundu: ng'oma zingati, makeni angati, mipira ingati, m'kope mwatsala zingati, asaine wotuluka, wolowa ndi patironi. Iwenso chaka chamawa nthawi ngati ino udzakhala ukuwerengera MSCE, ndipo a MANEB sadzakufunsa za holo, choncho yamba lero kuyenda ndi mtsikana wa Fomu 2 amene ukumuona kuti ali ndi mutu, azionera mmene ukuchitira.

Sabata ino usayambe ndi kulemba malamulo a khonsolo a masamba khumi. Amenewo adzabwera, ndipo adzalembeka bwino mukadzaona kaye pomwe pakuvuta. Lolemba pita kwa adeputi pamodzi ndi hediboyi, mukapemphe zinthu zitatu: ola limodzi lokumana apampando ndi apatironi onse, pepala lalikulu la kalendala, ndi msomali wopachikapo kiyi wa holo. Pa msonkhanowo a SCOM ndi a zisudzo usawakhazike moyang'anizana. Pakati pawo uikepo a Wildlife, ndipo ayambe kulankhula ndi iwowo.